Tsiku Lomuyeza Dona

Ife a m'tsinde mwa phiri tinaleka kale kudabwa nawo anthu ogwira ntchito kuphanga. Munthu wabwinobwino, wa masukulu ake, kudzuka m'mawa dzuwa lili ngwee, kulowa ndi galimoto mumsewu woboola phiri, n'kukakhala tsiku lonse kunsi kwa miyala kudikirira kanthu kamene chikhalire palibe anakaonapo! Ukawafunsa amati akusaka tizinthu tosaoneka timene tadzaza mlengalenga monsemu, timene timatipyoza tonsefe usana ndi usiku osatisiyira ndi chipsera chomwe. Chabwino, asake. Mlamu wanga amawagulitsa tchizi ndi nyama ya nkhosa, ndiye ine ndilibe nawo mlandu. Koma zimene zinamuonekera Ornella, mwana wa kwathu konkuno, ukamazimva tsitsi limachita nyaunyau.

Ornella ndi mwamuna wake Saverio ankagwira ntchito limodzi, ndipo msampha wawo wogwirira tizinthuto unali firiji. Osati firiji ya kukhitchini ayi. Chinali chimphona chamkuwa cholendewera m'dzenje lakuya ngati nyumba, lotsikira ndi makwerero achitsulo. M'mimba mwake munali timiyala tagalasi tating'ono ngati nsonga ya chala, tozizira kuposa chilichonse chimene Mulungu analenga. Kanthu kakagunda kamwala kamodzi, kamwalako kankafunda pang'ono zedi, ndipo mzere wa pakompyuta unkadumpha. Firijiyi anaitcha Dona chifukwa cha matama ake. Dona sankafuna phokoso, sankafuna kugwedezedwa, ndipo munthu akangoyetsemula pafupi naye ankanyanyala mpaka madzulo.

Koma mzere ukadumpha, udziwa bwanji kukula kwa chimene chagunda? Sikelo ya kubutchala amaiyeza ndi mwala wodziwika kulemera kwake. Dona ankamuyeza ndi kuwala. Panali ulusi wagalasi wowonda ngati tsitsi, wochokera pa timiyala tija n'kutulukira kunja kwa firiji, pansi m'dzenjemo. Kumapeto kwake kunali kanyali kophethira. Pakati pa kanyali ndi ulusi ankalowetsapo timagalasi takuda, kamodzikamodzi, kuyambira kakuda bii mpaka koyererako, kuti kuwala kuzikula mwa muyezo wodziwika. Wina ankakhala m'dzenje kusintha timagalasi ndi manja, wina m'kanyumba ka makompyuta kuyang'ana mmene Dona akuyankhira.

Ndiye lamulo la tsiku loyeza linali limodzi basi: mdima. Osati mdima wamasewera, koma wa ndiwe yani. Kuwala kwina kulikonse kukazembera mu ulusi muja, ntchito yonse inali yotaya. Tsono makina a masiku ano, mukudziwa, alionse ali ndi kadiso kake, kobiriwira, kofiira, kachikasu. Mwambo wawo unali wozungulira dzenje lonse ndi tepi yakuda kumata timaso tonseto, kenako n'kuzimitsa fani yaikulu yopopa mphepo, chifukwa kunjenjemera kwake kunkamusokoneza Dona.

M'mawa umenewo womata anali Ornella, mphuno zili psuu ndi chimfine. Saverio anali atakhala pa makwerero kumalizitsa khofi wake.

"Mayi a Lia, lero m'dzenje simukhalamo. Mukayetsemula kamodzi, Dona akatisumira kwa abwana."

"Ndiye mukhalemo inu ndi zala zanu ngati masoseji zimenezo? Paja chaka chatha munaswa kagalasi n'kunamizira chivomezi."

"Chivomezi chinalipo!"

"Chinamveka kwa inu nokha m'Italiya monse muno."

Saverio anaseka mpaka khofi kutayikira pa malaya. Anali munthu wa kumwera, wa kunyanja, wopanda chinsinsi ndi kukamwa kwake, ndipo zaka zonsezi sanazolowere kuuma mtima kwa ife a kumapiri. Ankati anakwatira mwala wokongola.

Pakhoma, chapansi, pafupi ndi phazi la makwerero, panali kabokosi ka alamu konunkhiza mpweya. Ntchito yake inali imodzi: mpweya wopuma anthu ukachepa m'dzenjemo, kalire. Kanali katsopano, anali atangokasintha sabata yapitayo, ndipo nyali yake inali yamwano. Ornella anamata kadiso kake, koma kuwala kobiriwira kunkatulukirabe m'mbali, m'timing'alu ta chivundikiro. Anamatanso. Kunkatulukabe kunsi. Anakwiya, monga amakwiyira akazi a kwathu, mwakachetechete, n'kuzunguliza tepi kabokosi konse, kuzunguliza, kuzungulizanso, mpaka kanati bii. Kuti timabowo ta kunsi tija ndiye mphuno zake za kabokosiko, sizinamufike n'komwe m'mutu. Munthu wodziwa kuwerenga kuwala kadontho ndi kadontho, kutseka mlonda pakamwa ndi pamphuno ndi manja ake omwe! Koma musamuseke. Aliyense wa iwo akanachita zomwezo, chifukwa tsiku loyeza diso lawo limangoona mdani mmodzi.

Ornella anakwera, anatseka chitseko cha pamwamba pa dzenje, anazimitsa magetsi ndi fani, n'kupita kukanyumba ka makompyuta, kutsidya kwa kanjira. Ankalankhulana pa lamya ya waya, chifukwa mafoni a m'manja Dona sankawafunanso.

"Mwakonzeka kunsiko?"

"Ndakonzeka, bwana. Sindikuona ngakhale mphuno yanga, pamene mukudziwa kukula kwake. Kagalasi koyamba kalowa."

Ornella anadina batani. Kanyali kanayamba kuphethira kunsi kuja, ndipo pakompyuta panatuluka timapiri tating'ono, tofanana msinkhu, tondondozana bwinobwino. Mtima wake unakhala pansi. Anapempha kachiwiri, timapiri tinakula pang'ono. Kachitatu, tinakulanso. Saverio ankayimba chapansipansi, n'kumakamba za kanyenya wa nkhosa amene akadye masana akatuluka, ati lero akamaliza timitengo ta anthu atatu.

"Kuno kwazizira bwanji, mayi a Lia. Mapazi achita dzanzi."

"Ndinakuuzani muvale masokosi aubweya amene anakulukirani amayi aja. Mumati amakuyabwani."

"Kwinaku kukumveka kuti fyoo."

"Kunsiko sikumatha kulira zinthu. Lowetsani kachinayi, tisachedwe."

Anayankha choncho, maso ali pa timapiri. Mawu amenewo ndi amene amamudzutsabe kutulo mpaka lero.

Kachinayi katalowa, timapiri sitinakule. Tinangokhala chimodzimodzi ngati poyamba.

"Bambo a Lia, mwabwezeramo kachitatu komweko."

"Ayi, ndi kachinayi."

"Dona sanama. Papasani m'mphepete, kachinayi kali ndi mano anayi."

Saverio anaseka. Sikunali kuseka kwake kwa masiku onse, kochokera m'mimba kuja. Kunali kuseka kopepuka, kwa munthu amene wamwa vinyo wopanda kanthu m'mimba.

"Mano... eee, mano. Akuthawa. Nella, zala zanga zapita kukayenda."

Dzina limenelo ankamutchula nalo ali pachibwenzi, ndi kuchipinda basi, osati pantchito.

"Mwamwa chiyani inu m'mawa uno?"

"Khofi wako yemwe uja. Wokoma. Iwe ndiwe wokoma. Milomo yanga ikuchita ngati muli nyerere."

Apo ndi pamene anatembenuzira maso pa kompyuta ya pambali, imene sankaiyang'ana tsiku loyeza. Inkasonyeza thanki ya nayitirojeni wamadzi, yoimikidwa pamwamba, kuseri kwa dzenje, imene payipi yake inkatsikira kunsi kukaziziritsa makina ena a Dona. M'mawa thankiyo inali yodzaza. Tsopano mzere wake unali kutsetsereka ngati mwana pa matalala. Nayitirojeni akatayika amasanduka mpweya wochuluka zedi, wozizira, wolemera, umene umakhala pansi n'kukankhira mpweya wopuma m'mwamba. Alibe fungo, satsamwitsa, sapweteka. Amangokuseketsa n'kukugoneka. Paja akulu anati tsoka silinunkha.

"Saverio, tuluka! Siya zonse, kwera makwerero tsopano lino!"

"Taima kaye, ndimalize kamodzi aka..."

"Ndati kwera! Payipi yaphulika! Usawerame, dzutsa mutu, kwera!"

"Ukukalipa bwanji, Nella. Alamu sanalire. Akanalira."

Sanalire. Ornella anaona m'maganizo mwake manja ake omwe akuzunguliza tepi.

"Chonde, mwamuna wanga, chonde. Gwira chitsulo cha makwerero. Chili kumanja kwako."

"Kumanja... ndi kuti kumanja?"

Kunamveka kukwekwereza kwa nsapato, kenako timagalasi kuti yoyoyo pansi, kenako chinthu cholemera kuti khu! Pakompyuta timapiri tonse tinasweka, mzere unathamangira m'mwamba n'kutuluka kunja kwa galasi. Dona anali atamva kugwa kwa munthu. Pa lamya panatsala kulira kuja kokha, fyoo, osalekeza.

Ornella anamenya batani lofiira la pakhoma ndi chibakera, n'kutola lamya ya ngozi. Anayankha Oreste, mkulu wa gulu lopulumutsa anthu, bambo wa imvi amene anali mnzawo wa malemu bambo ake a Ornella.

"Amalume Oreste, kwa Dona! Nayitirojeni! Saverio wagwa m'dzenje, sakuyankha!"

"Tikubwera. Tili kuphanga la kumapeto, tikunyamula mabotolo a mpweya. Ornella, tamvera. Yatsa fani, tseka thanki. Koma usatsike."

"Ali pansi yekha!"

"Ndamva. Usatsike, mwana wanga. Ukatsika tidzatulutsa awiri. Wandimva? Lumbira."

Sanalumbire. Anaponya lamya n'kuthamanga.

Fani anaiyatsa podutsa, inayamba kubuula pang'onopang'ono ngati nkhalamba yodzutsidwa kutulo. Anazungulira kuseri kwa dzenje kumene kunali thanki. Mpopi wake unali utayera mbee ndi chisanu. Magolovesi anali atapachikidwa pafupi pomwepo, koma sanawaone. Anagwira ndi manja osavala, chitsulo chinamuluma ngati moto, anapotokola, sichinasunthe. Anatukwana mawu amene amayi ake sanamuphunzitse. Anaponda thanki ndi phazi, anakoka ndi thupi lonse, mpopi unati gwedeee, n'kutsekeka. Pochotsa manja, khungu lina linatsalira pachitsulo. Ululu sanaumve.

Anatsegula chitseko cha dzenje n'kuyatsa magetsi onse.

Mayo! Dzenje linali lodzaza nkhungu yoyera, yokhuthala ngati mkaka, yongoyendayenda mwaulesi mozungulira Dona. Pansi sipankaoneka. Makwerero ankangolowa mu nkhungumo n'kusowa.

"Saverio! Saverio iwe!"

Mawu ake anabwerera okha kuchokera m'makoma. Nkhungu inang'ambika pang'ono chifukwa cha fani, ndipo anaona nsapato imodzi, yopendekeka, kenako mkono uli tambalale, chikhatho chayang'ana kumwamba. Anali pafupi. Anali pafupi zedi, kutalika kwake ngati kuchokera pakhonde la m'mwamba kufika pabwalo. Munthu wathanzi akanatsika ndi kukwera asanamalize pemphero la Atate Wathu.

Phazi lake linapita lokha pa makwerero. Anakoka mpweya wambiri m'chifuwa. Ankadziwa zonse, Ornella. Chaka chilichonse ankakhala pa maphunziro a chitetezo, n'kumayasamula pamene Oreste ankawauza za amuna amene anapezeka atasanjikizana pansi m'thanki, woyamba wogwa mwangozi, wachiwiri wopulumutsa woyamba, wachitatu wopulumutsa wachiwiri. Aliyense wa iwo ankati agwira mpweya. Koma kunyamula munthu wolemera ngati Saverio pa makwerero oongoka, chifuwa chimapempha chokha, ndipo ukangokoka kawiri basi, mawondo amatha. Ankadziwa. Koma kudziwa n'kwina, kuona dzanja la mwamuna wako lili pansi n'kwinanso.

Anatsika sitepe imodzi, kenako ina. Kuzizira kunamugwira m'akakolo, kunakwera m'mawondo. Chimfine chija chinamukanda pakhosi, anatsokomola, ndipo mpweya wonse umene anasunga unatuluka. Anakoka wina asanaganize. Mutu unapepuka nthawi yomweyo, magetsi anachita ngati atalikira, ndipo m'mimba munabwera kukoma kwina koopsa, kofuna kumuseketsa.

Ndi pamene anakumbukira Lia. Sanakumbukire zazikulu ayi. Anangomuona ataima pachipata cha sukulu, chikwama chili kumsana, dzino lakutsogolo lili gwedegwede, akuyang'ana magalimoto onse kuti aone yofiira ya bambo ake.

Anakwera. Anakwera chokwawa, n'kugona chafufumimba pamwamba, akupuma ngati galu, akulira mokweza mopanda manyazi. Anadziona kuti ndi munthu woipitsitsa pa dziko lonse: womata alamu ndi iye, wonena kuti tisachedwe ndi iye, wothawa ndi iyenso.

"Ndikhululukire, Saverio! Sindikutsika! Wamva? Sindikutsika!"

Ali chigonere anaona payipi yamphira yokulungidwa pakhoma, ya mphepo yopemerera fumbi pa zipangizo. Anaimirira mwadzandidzandi. Pakhomapo panali mipopi iwiri yoyandikana, wina wa mphepo wamba, wina wa nayitirojeni yemweyo. Anawerenga zolembedwazo, anawerenganso, chifukwa maso ake sankawakhulupiriranso. Anatsegula wa mphepo, n'kuyamba kutsitsa payipi m'dzenje ndi manja osupuka aja. Payipi inkavina, kumenya makwerero, kumenya mimba ya Dona. Anaigwedeza, anaikoka, anaitsitsanso, mpaka nsonga yake inagwera pafupi ndi phewa la Saverio. Mphepo inaboola nkhungu, ndipo nkhope inaoneka.

Akanakonda asanaione. Inali yotuwa ngati phulusa, milomo yabuluu, pakamwa pali yasa, ndipo pamilomopo panatsalira kumwetulira.

"Puma, iwe! Puma! Ukandisiya ndi mwana ndekha ndidzakutukwana pamanda pako tsiku ndi tsiku, wamva? Chitsiru cha kunyanja iwe, puma!"

Kaya chifuwa chinkayenda kaya ndi malaya ongogwedezeka ndi mphepo, sakanatha kusiyanitsa. Anayang'ana mpaka maso anawawa. Anapemphera kwa Mayi Maria, iye amene anasiya kupita ku Misa ali kusekondale, analonjeza zinthu zimene sakanatha kukwaniritsa. Nthawi imene inadutsa, a chitetezo anati inali yochepa. Iye amati tsitsi lake linayamba kuyera pomwepo.

Nsapato zolemera zinamveka m'kanjira. Oreste anafika ndi anzake awiri, nkhope zili m'zigoba, mabotolo kumsana. Anangomuyang'ana Ornella kamodzi, kuona kuti ali pamwamba, n'kumusuntha ndi dzanja ngati mpando. Awiri anatsika, mmodzi anatsala ndi chingwe. Oreste atafika pansi anagunda kabokosi kaja ndi bondo, anakayang'ana, n'kung'amba tepi ndi dzanja limodzi. Nthawi yomweyo alamu analira, kulira kong'amba makutu, nyali yofiira ikuzungulira phanga lonse. Ornella anatseka makutu n'kukhala pansi. Sipanafunikenso wina womuuza mlandu wake.

Saverio anamutulutsa ndi chingwe, mutu uli lende, n'kumugoneka m'kanjira. Oreste anavula chigoba, anaika khutu pakamwa pa Saverio, zala pakhosi.

"Mtima ulipo, koma uli kutali. Mpweya, msanga!"

Anamuvundikira chigoba cha mpweya pakamwa ndi pamphuno, wina n'kumafinya thumba lopopera. Chifuwa chinkakwera akafinya, n'kutsika akasiya, koma chokha sichinkachita kanthu. Anthu a m'mapanga ena anali atasonkhana chapatali, zisoti zili m'manja. Ornella anakwawa n'kugwira phazi la mwamuna wake, chifukwa kwina konse kunali manja a anthu. Linali lozizira ngati mwala wa mumtsinje.

"Amalume, ndiuzeni zoona."

"Khala chete, mwana wanga."

"Mutu wake... akadzuka adzakhala yemwe uja?"

Oreste anatulutsa katochi m'thumba, anatsegula chikope cha Saverio ndi chala, n'kuwalitsa m'diso. Ornella anasuzumira. Kamwana ka diso kanali kakakulu, kakuda, kongoti tong'o. Oreste anachotsa kuwala, anadikira, anabwezeranso. Palibe. Mayi wina kumbuyo anayamba kusisima.

"Finya mwamphamvu, iwe, sukukama mbuzi!" Oreste anakalipira mnzake.

Anawalitsanso kachitatu. Kamwana ka diso kananjenjemera, n'kuchepa pang'ono, pang'onopang'ono, ngati sikakufuna. Kenako thupi lonse linadzidzimuka, Saverio anakoka mpweya ndi phokoso loipa, ngati chitseko chadzimbiri, n'kusanza khofi yense pa nsapato za Oreste.

"Ha! Mwana wa hule iwe, nsapato zanga zatsopano!" anatero Oreste, misozi ikutsika m'ndevu.

Ambulansi inalowa mpaka pakhomo la phanga. Ornella anakwera nawo, manja atamukulunga mabandeji mpaka anaoneka ngati mitanda ya buledi. Anatuluka kulowa mumsewu woboola phiri, magetsi achikasu akudutsa pawindo limodzilimodzi. Saverio anali maso, koma maso ake ankangoyendayenda padenga. Namwino anamufunsa dzina, anayankha. Anamufunsa tsiku, analakwitsa. Anamufunsa dzina la mwana wake, ndipo Ornella anamuyang'anitsitsa pakamwa.

"Lia," anatero. "Ndani akamutenge kusukulu?"

"Ndiwaimbira amayi."

Saverio anatembenuza mutu, anaona mabandeji aja, n'kukankha chigoba cha mpweya pambali. Mawu ake anali okwekwereza.

"Manja ako. Unanditulutsa ndiwe?"

Namwino anayang'ana Ornella n'kumugwedezera mutu pang'ono, ngati akunena kuti vomerani, mayi, zinazo mukakamba kunyumba. Zinali zosavuta. Koma Ornella ndi wa kwathu, ndipo ife bodza limatikakamira pakhosi.

"Ayi. Anakutulutsa amalume Oreste. Alamu ndinamata ndine, sunamve chifukwa cha ine. Ndinakuona uli pansi, Saverio. Ndinayamba kutsika, kenako ndinabwerera. Ndinakusiya."

Saverio anatseka maso. Ambulansi inagwedezeka, inatuluka m'phiri, ndipo dzuwa la masana linalowa pawindo n'kumuwalira pankhope. Ornella anadikira. Mantha amene anali nawo pamenepo anaposa a pamakwerero paja.

"Ine ndikanatsika," anatero Saverio.

"Ndikudziwa."

"Ndikanatsika osaganiza n'komwe. Lero Lia akanaima pachipata mpaka mdima." Anatsokomola, anafunafuna dzanja la mkazi wake, n'kugwira pamkono pamwamba pa mabandeji. "Mulungu anachita bwino kuika chitsiru pansi, mwala pamwamba."

Ornella anafuna kumutukwana, koma anangoika chipumi pachifuwa chake, n'kumamvera chikukwera ndi kutsika chokha. Namwino anamubwezera Saverio chigoba pamphuno, anauza dalaivala kuti achepetse liwiro pa makona.